Mathiraki Akunja pa Msewu wa M5: Ndi Katundu Uti Amene Angakweze?

[Nyimbo yotsegulira, kenako itsike pang'onopang'ono]

MUULUTSI: Moni kwa inu amene mwatsegula wailesi ku Tukombo, ku Kande, ku Bandawe, pano pa Chintheche, ku Sanga, mpaka pa boma pa Nkhata Bay. Yakwana nthawi ya pulogalamu yathu ya zamalonda ndi zamaulendo. Lero maso athu ali pa msewu wa M5, wodutsa pakhomo pathuwu, ndi mathiraki a nambala zakunja amene timawaona usana ndi usiku.

Amayi a geni ya usipa ndi ufa wa kondowole akhala akutifunsa funso limodzi. Akuti: thiraki yatsitsa katundu ku Mzuzu, ikubwerera kwawo ku Beira kapena ku Johannesburg ilibe kanthu, zitsulo zokhazokha kulira. Ife tili ndi matumba pamsewu ofunika afike ku Salima kapena ku Limbe. Tikaimika, dalaivala wina amapukusa mutu n'kupitirira. Wina amaima, koma amati tikweze kukada, ndipo matumbawo alowe pansi pa lona. Chobisira n'chiyani? Ndi nkhanza za madalaivala, kapena pali lamulo?

Kuti atimasulire, ndili ndi bambo wa konkuno amene anayendetsa mathiraki zaka zambiri pa njira ya Dar es Salaam ndi ya Beira, kenako n'kukhala mu ofesi yokonza mapepala a magalimoto odutsa m'zipata. Pano anapuma, akulima chinangwa. Ada, takulandirani.

ADA: Yewo, Ama. Ndiyankhe mosapsatira: lamulo lilipo. Ndipo mwa madalaivala awiri mwatchulawo, wopukusa mutu uja ndiye wawachitira chifundo amayiwo.

MUULUTSI: Chifundo chosiya munthu padzuwa ndi matumba ake?

ADA: Ee, chomwecho. Tiyambire pa nambala ya galimoto, poti nkhani yonse yagona pamenepo. Thiraki iliyonse ili ndi kwawo, kumene inalembetsedwa. Ya ku Tanzania mumaidziwa, nambala yake imayamba ndi T. Thiraki imeneyo ikanyamula mafuta kapena feteleza ku doko la Dar es Salaam, n'kulowa pa chipata cha Songwe, n'kukatsitsa ku Mzuzu kapena ku Kanengo, palibe mlandu. Pobwerera ikakweza shuga wa ku Dwangwa kapena tiyi wa ku Kawalazi wopita ku Tanzania, palibenso mlandu. Katunduyo akuchoka m'dziko lina kulowa m'dziko lina, ndipo limodzi mwa maiko awiriwo ndi kwawo kwa thirakiyo. Choletsedwa n'chakuti thiraki yomweyo ikweze katundu pano pa Chintheche n'kukamutsitsa ku Karonga. Pokwezera ndi m'Malawi, potsitsira ndi m'Malawi. Imeneyo ndi ntchito ya magalimoto olembetsedwa muno, pokhapokha boma litapereka chilolezo chapadera. M'mapepala a zamtengatenga amati cabotage, ndipo aliyense wogwira ntchito m'zipata amalidziwa dzina limeneli.

MUULUTSI: Ngakhale njira ili yomweyo? Thiraki yopita ku Songwe idutsa ndithu pa Karonga, ifune isafune.

ADA: Ngakhale zili choncho. Lamulo siliyang'ana kumene matayala alunjika. Limayang'ana pomwe katundu wakwerera ndi pomwe watsikira, basi. Palinso lamulo lina lapachibale, limene limasokoneza ngakhale eni magalimoto. Thiraki ya ku Tanzania ija singangokweza shuga ku Dwangwa n'kupita naye ku Zimbabwe. Ulendo wa pakati pa Malawi ndi Zimbabwe ndi wa magalimoto a maiko awiriwo. Wa ku Tanzania pamenepo ndi wachitatu, ndipo wachitatu amaloledwa kawirikawiri ngati njirayo ikudutsa m'dziko lakwawo, apo ayi akapemphe chilolezo. Koma limenelo ndi mutu wa makampani akuluakulu. Amayi a usipa likuwakhudza ndi loyamba lija.

MUULUTSI: Analemba ndani malamulo amenewa, Ada? Ena akuganiza kuti ndi apolisi a pa rodibuloko amene amangodzipangira kuti apeze ya fanta.

ADA: [akuseka] Zimenezo ndi zina, Ama, tisaziphatikize. Kunyumba kuno tili ndi lamulo la zapamsewu la mu 1997, ndipo oyang'anira ziphaso ndi a Road Traffic, amene ofesi yawo yaikulu kuno kumpoto ili ku Mzuzu. Pamwamba pake pali mapangano a maiko. Mu 1996 atsogoleri a SADC anasainirana ku Maseru pangano la zamtengatenga ndi mauthenga, lakuti maiko azitsegulirana misewu pang'onopang'ono. Kuchokera apo maiko amapangana awiriawiri, monga momwe Malawi anachitira ndi South Africa: magalimoto anu azilowa kwathu, athu azilowa kwanu, koma aliyense asakhudze katundu wa m'nyumba mwa mnzake.

Mukanalowa kutsogolo kwa thiraki yakunja mukanaona chikwama cha mapepala chimene dalaivala amachisamala kuposa chikwama cha ndalama. Muli pasipoti ndi laisensi. Muli chilolezo chodutsira malire. Muli kakhadi kachikasu ka inshulansi ya COMESA. Muli risiti yosonyeza kuti walipira ndalama yoyendera pa misewu yathu. Ndiye muli pepala lina lochokera ku MRA, limene anthu ambiri salidziwa, lololeza galimotoyo kulowa m'dziko muno mongoyembekezera. Pepala limeneli ndilo fupa la nkhani. Munthu wa ku Mzuzu akagula thiraki kunja, imalowa ngati katundu wogulidwa, imadutsa m'manja mwa a msonkho, imalembetsedwa, imapatsidwa nambala yathu. Yachilendo ija siinadutse monsemo. Yalowa ndi lonjezo lakuti itsitsa, ikweza za kwawo, ituluka. Ikayamba kuchita matola a katundu pakati pa Chintheche ndi Salima, yaswa lonjezo limenelo.

MUULUTSI: Ndamva za mapepala. Koma mayi wa geni anena kuti mapepala sadyedwa. Iye akuona malo opanda kanthu ndi mtengo wotsika. Akulakwira ndani?

ADA: Apa ndiye pofunika kukhazikika. N'chifukwa chiyani mtengo wa dalaivala wachilendo umatsika chonchija? Si kuti ndi wamtima wabwino kuposa wa kwathu. Ulendo wake wonse, kupita ndi kubwerera, unalipiridwa kale ndi mwini katundu amene anabwera naye. Dizilo wobwererera ali kale m'thanki. Matayala, malipiro ake, zonse zinawerengeredwa kudoko. Ndiye chilichonse chimene angatole panjira ndi chapamwamba, ndipo kawirikawiri chimalowa m'thumba mwake, bwana wake osadziwa. Zili ngati munthu amene wadya kale kwawo n'kubwera kudzapempha ganyu: avomera malipiro alionse, pomwe mnzake amene ana ake akudikira ufa wa ganyu yomweyo sangavomere.

Tsopano taganizani za mnyamata wa ku Mpamba kapena wa pano amene wagula kalole ka matani atatu ndi ngongole ya kubanki. Amalipira inshulansi, amapita kukayezetsa galimoto kuti apeze COF, amakhoma msonkho, akadutsa pa Chingeni kapena pa Kalinyeke amalipira pa zipata zija zinayamba mu 2021 ndi 2022. Sipeya amagula wochokera kunja, ndipo mukukumbukira kuti mu Novembala 2023 kwacha inagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi. Tayala limene analigula dzulo, m'mawa mwake linali ndi mtengo wina. Munthu ameneyu sangapikisane ndi thiraki imene ulendo wake walipiridwa kale. Mukalola mathiraki akunja kutola katundu wa m'dziko momwe afunira, m'misewu ikuluikulu monga M1 ndi M5 malole athu atha. Ndipo akatha, amene adzalowe kumidzi kukatenga chinangwa ndi ndani? Thiraki ya matani 30 siikhota kulowa kanjira ka kumunda. Imadya za pa tala zokha.

MUULUTSI: Mwayankhula ngati mwini malole, Ada. Ine ndiimire ogula. Thiraki ikamayenda yopanda kanthu kuchoka ku Mzuzu mpaka ku Mwanza, dizilo amene ikuwotchayo amalipira ndani?

ADA: Mumalipira inu, Ama, ndi ine. Pamenepo sindingakutsutseni. Dizilo ameneyo ali mu mtengo wa thumba la feteleza, ali mu mtengo wa simenti ndi mafuta ophikira. Dziko lathu limagula kunja zambiri kuposa zimene limagulitsa, ndiye magalimoto amalowa odzaza n'kutuluka ambiri ali gwangwa. Nyengo nazonso sizigwirizana: fodya amatuluka miyezi ya misika, feteleza amalowa mvula ikamayandikira. Mwini thiraki aliyense, wa kuno kapena wakunja, akamatchula mtengo amawerengera ulendo wobwerera wopanda katundu. Ndiye lamulo ili lili ndi mtengo wake, tisanamizane. Limateteza eni malole ndi madalaivala athu, koma ogula amasenzako kena kake.

Mu 2009 akatswiri a World Bank anafufuza chifukwa chake kunyamula katundu m'kati mwa Malawi kuli kodula. Funso lawo linali lakuti: vuto ndi misewu yoipa, kapena kuchepa kwa mpikisano? Anapeza kuti kunyamula katundu kumidzi kumadula kwambiri pa kilomita iliyonse kuposa pa misewu yopita kumadoko, ndipo zina mwa zifukwa zake ndi katundu wochepa komanso maulendo obwerera opanda kanthu. Mukaona bwino, dandaulo la amayi a usipa lagona pomwepo. Chikuwapweteka kwenikweni si thiraki ya ku Mozambique imene yawapitirira. Chikuwapweteka ndi choti aliyense ali ndi matumba ake asanu, akufuna galimoto payekha, pa tsiku lake.

[Nyimbo pang'ono]

MUULUTSI: Mukumvera pulogalamu ya zamalonda ndi zamaulendo, ndipo tikukamba za katundu amene mathiraki akunja saloledwa kunyamula. Ada, achinyamata a lero anabadwa mathiraki ali kale pamsewu. Kodi zinali chonchi kuyambira kale?

ADA: Ayi. Kale katundu wa dziko lino pafupifupi yense ankayenda pa njanji, kupita ku Beira ndi ku Nacala. Kuno kunyanja tinkadalira sitima zapamadzi, Ilala ikafika pa Nkhata Bay linali tsiku la msika. Nkhondo ya ku Mozambique ndiyo inasintha zinthu. Pofika mu 1984 njanji zonse ziwiri zinali zitatsekeka, ndipo katundu anayamba kuzungulira pa msewu mpaka ku Durban, magalimoto akudutsa ku Tete mondondozana, asilikali akuwaperekeza. Ndi nthawi yomweyo boma linatembenukira kumpoto, n'kukhazikitsa malo osungira katundu wa Malawi ku Dar es Salaam ndi ku Mbeya. Nkhondo inatha mu 1992, koma ife tinali titazolowera kale matayala. Kuchoka ku Songwe kukafika ku Dar es Salaam ndi makilomita oposa 900, ndipo pa mtunda wonsewo mwini doko ndiye amayamba kuuona katundu. N'chifukwa chake magalimoto a eni madoko amachuluka m'misewu yathu.

Ndipatuke pang'ono, poti tili pa Chintheche. Akuluakulu akukumbukira kuti m'zaka za m'ma 1970 kunali pulani yomanga fakitale yaikulu yogaya mitengo ya mapepala konkuno. Paini wa ku Chikangawa, mahekitala oposa 50,000, anadzalidwira ntchito imeneyo. Fakitaleyo siinamangidwe. Ena amati nyanja inapulumuka ku zonyansa za fakitale, ndipo mwina akunena zoona. Koma ikanamangidwa, bwenzi Chintheche ali malo okwezera katundu wotuluka, osati ongoonerera mathiraki akudutsa. Paini uja anadzatuluka ngati matabwa, ambiri kudzera pa Songwe, pa mathiraki omwewo obwerera kwawo. Kumeneko kunali kukweza kololedwa, ngakhale nkhalango yake tinaimaliza moipa.

MUULUTSI: Tibwerere ku lamulo. Kodi ndi Malawi yekha wouma mtima chonchi?

ADA: Kutalitali. Ku South Africa ali ndi lamulo la mu 1998 loona za magalimoto odutsa malire, ndi bungwe lake loyang'anira. Thiraki ya nambala ya Malawi ikatsitsa tiyi ku Durban, singakweze katundu wa ku Durban wopita ku Johannesburg popanda chilolezo chapadera. Ikweze wobwera kuno. Ku America nakonso, dalaivala wochokera ku Canada kapena ku Mexico amalowetsa katundu n'kutuluka ndi wina, koma saloledwa kukweza mu mzinda wina wa America n'kukatsitsa mu mzinda wina wa America.

Amene anayesa kumasula ndi a ku Ulaya, m'bungwe la European Union, ndipo ngakhale iwo anamasula ndi chingwe m'manja. Thiraki ya ku Poland ikatsitsa katundu ku Germany imaloledwa maulendo atatu a m'kati mwa Germany, m'masiku 7. Ikatero ituluke. Ndipo kuyambira mu Febuluwale 2022 anawonjezera kuti thiraki yomweyo idikire masiku anayi isanachitenso zimenezo m'dziko lomwelo. Anawonjezera chifukwa eni magalimoto a maiko olemera ankadandaula kuti anzawo ochokera kumene malipiro ndi otsika akuwalanda ntchito. Taonani, anthu oti malire anachotsa, ambiri a iwo ndalama ndi imodzi, koma pa katundu wa m'nyumba akuwerengabe masiku ndi zala.

MUULUTSI: Mwatchula South Africa. Kuno ku Nkhata Bay palibe mudzi wopanda mwana ku Joni, ndipo ena ndi madalaivala. Mwana wa kuno akabwera ndi thiraki ya bwana wake wa ku Johannesburg, sangawanyamulire amayi ake matumba kupita nawo ku Lilongwe?

ADA: Funso labwino, ndipo yankho lake ndi lowawa. Sangatero. Lamulo limatsata galimoto ndi mwini wake, osati chilankhulo cha dalaivala. Akhale Mtonga weniweni wa pa Chifira, ngati nambala ili ya ku Gauteng, thirakiyo ndi mlendo. Nkhani ya dalaivala mwiniyo ndi ina, ndi ya chilolezo chogwirira ntchito m'dziko la eni. Ziwirizi anthu amazisakaniza, ndipo kusakanizako kwaphetsa anthu. Kuyambira cha mu 2018 mathiraki akhala akuwotchedwa pa msewu wa N3, pakati pa Durban ndi Johannesburg, anthu akukwiya kuti makampani akulemba ntchito madalaivala akunja. Pa chipwirikiti chotero palibe amene amafunsa mapepala. Amene wangobweretsa katundu mololedwa amapsera limodzi ndi wina aliyense. Ndikunena izi kuti kuno tisadzayerekeze. Mukaona thiraki yakunja ikuchita zosayenera, kanenani ku polisi kapena ku Road Traffic. Mwala ayi.

MUULUTSI: Eni mathiraki a kuno nawo amadandaula kuti alendo akuwadyera. Ngati lamulo likuwateteza, akulira chiyani?

ADA: Akulira nyama yaikulu, Ama. Katundu wa m'dziko ndi wochepa. Ndalama zili pa katundu wochokera kumadoko, makamaka mafuta. Mukukumbukira mkangano wa cha mu 2021 pa kagulidwe ka mafuta a boma kudzera ku NOCMA? Kunali njira ziwiri. Ina, mumagula mafuta ali kudoko, n'kusankha nokha wonyamula. Ina, wogulitsa amakubweretserani mpaka kunkhokwe, monga ija ya ku Sonda ku Mzuzu, ndipo wonyamula amasankha ndi iyeyo. Eni mathiraki a kuno ankati njira yachiwiriyi ipereka ntchito kwa magalimoto akunja, ndalama zakunja n'kumatuluka. Nkhani imeneyo si ya lamulo tikukambali, chifukwa kunyamula mafuta kuchoka ku Dar es Salaam kubwera kuno n'kololedwa kwa onse awiri. Koma ikusonyeza chifukwa chake eni magalimoto athu sangalole kuti kachidutswa kamene katsala m'manja mwawo, katundu wa m'dziko, kapitenso.

Ndipo pa nkhani za malire, chimene wachitira mnzako amakubwezera msanga. Mu Epulo 2025 tinaziona. Malawi atatseka zokolola zina zochokera kunja, Tanzania nayo inatseka zathu, magalimoto n'kuima pa Songwe mpaka maiko awiriwa atagwirizana zokambirana. Ndiye sungangodzuka m'mawa n'kuti alendo onse atuluke, komanso sungangodzuka n'kuti alendo tolani chilichonse, mnzako asanalonjeze kuti malole ako akatolanso kwawo.

MUULUTSI: Tifike pa mayi uja wavomera kukweza usiku. Chingamuchitikire n'chiyani?

ADA: Ndinaziona ndi maso. Usipa subisika. Mungaukute ndi lona ziwiri, fungo limatsogola. Pa rodibuloko wapolisi amangozungulira galimoto kamodzi, n'kutukula lona ndi ndodo. Mapepala akuti thiraki ilibe katundu, koma m'katimo muli matumba. Galimoto aimika pambali. Dalaivala ayamba kuimba mafoni, ndipo chimene chili m'mutu mwake ndi chindapusa ndi ntchito yake, osati usipa wanu. Ena amangotsitsa matumbawo pomwepo, pakati pa tchire, kuti apulumuke. Mvula ikagwa usiku umenewo, mpamba wonse wapita. Ngakhale asagwidwe, anyamata omanga zingwe pa thiraki anazolowera kumanga simenti ndi zitsulo. Akakoka chingwe pa thumba la usipa wouma, mukafika ku Limbe theka ndi fumbi la nkhuku.

Ndiye mukadandaula kwa ndani? Risiti mulibe. Dzina la kampani simulidziwa, mwangoloweza mtundu wa galimoto. Kakhadi kachikasu kaja ndi ka anthu ena amene galimoto ingawapweteke pamsewu, si ka katundu wokwezedwa mobisa. Mawa lake thirakiyo yatuluka pa Dedza kapena pa Mwanza, simudzaionanso. Lole ya pano mwini wake mumamudziwa, mukhoza kupita kwa amfumu kapena kukhoti.

Pali zina ziwiri zoti ndichenjeze mwamphamvu. Kontena imene a MRA aitseka ndi loko wawo siitsegulidwa panjira, ndipo dalaivala akakuuzani kuti atha kuikamo kanthu, thawani, mulowa mlandu wa katundu wozembetsa. Chachiwiri, thiraki imene ili kale ndi katundu musaiwonjezere. Malire a kulemera kwa thiraki yaikulu m'chigawo chino ndi matani 56, ndipo pa sikelo amayezanso ekiselo iliyonse payokha. Matumba anu khumi akhoza kukhala amene apyoletsa muyeso. Milatho yathu ya pa M5 mukuidziwa kuchepa kwake ndi momwe imavutikira nthawi ya mvula.

MUULUTSI: Tamva kuti maiko a COMESA, SADC ndi a kum'mawa kwa Africa akufuna malamulo ofanana. Komanso kuli msika umodzi wa Africa yonse umene unasainidwa ku Kigali mu 2018. Kodi zimenezi sizithetsa chiletsochi?

ADA: Zimene akukonzazo zithandiza pa zina: laisensi zofanana, kayezedwe ka magalimoto kofanana, sikelo zofanana, kuchepetsa mapepala. Pa Mchinji kuyambira mu Disembala 2022 galimoto imaima pamalo amodzi m'malo mwa awiri, ndipo zimenezo n'zabwino. Koma katundu wa m'dziko boma lililonse likumugwirabe ndi manja awiri. Musayembekezere kuti chaka chamawa thiraki ya ku Mbeya izidzaima pa Chintheche n'kumaitanira katundu wa ku Salima.

MUULUTSI: Nanga inuyo, Ada, mutakhala nduna, mungatani?

ADA: Chiletso ndingachisunge. Malole athu ndi ofooka, ngongole zawo ndi zodula, ndipo kuwasiya apikisane ndi magalimoto a eni madoko ndi kuwapha. Koma sindingalole kuti eni malole abisale kumbuyo kwa lamuloli n'kumatchula mitengo momwe afunira. Wotetezedwa nayenso ali ndi ngongole kwa amene akumuteteza: galimoto yabwino, kufika pa nthawi, risiti, ndi mtengo womveka. Tsiku lina tikadzalimba, tingadzayese njira ya ku Ulaya ija, ulendo umodzi wokha pobwerera, pa msewu wolunjika kuchipata, ndipo pokhapokha anzathuwo atalola zomwezo kwa ife. Osati lero.

Chimene chimandiwawa ine n'china. Thiraki yobwerera ku Tanzania ili ndi ufulu wonse wokweza katundu wathu wopita ku Tanzania, ndipo mtengo wake ungakhale wotsika pa chifukwa chomwe chija. Khomo limenelo ndi lotsegula, koma timangoliyang'ana. Tili ndi mphira ku Vizara, tiyi ku Kawalazi, shuga ku Dwangwa. Amenewo ndi makampani, amadziwa kale njira. Ife alimi wamba ndi asodzi sitinaphunzire kusonkhanitsa katundu wokwana thiraki, ndi kutenga ziphaso zotulutsira kunja. Timalimbana ndi khomo lotseka.

MUULUTSI: Ndiye amayi a geni achite chiyani sabata ino, osati chaka chamawa?

ADA: Agwirizane tsiku. Amayi khumi a pa Kande ndi pa Chintheche akaphatikiza matumba awo, adzaza lole, ndipo mwini lole atsitsa mtengo chifukwa sakuyenda theka. Akapeza wamalonda wa ku Lilongwe amene akufuna kutumiza katundu kuno, loleyo ibwerera yodzaza, mtengo utsikanso. Mafoni tili nawo, magulu a banki m'khonde tili nawo. Malole a kwathu obwerera opanda kanthu aliponso ambiri, aja abweretsa zakumwa, simenti ndi ufa ku Mzuzu ndi ku Nkhata Bay. Amenewo lamulo la malire siliwaletsa, bola mwini galimoto adziwe ndipo papezeke cholembedwa.

MUULUTSI: Ada, yewo chomene chifukwa chobwera.

ADA: Yewo, Ama.

MUULUTSI: Omvera, musanakweze thumba pa thiraki iliyonse, yang'anani nambala kutsogolo ndi kumbuyo, poti nthawi zina mutu ndi ngolo zimakhala za maiko osiyana. Funsani dzina la kampani, lembani nambala ya galimoto ndi ya foni, ndipo musalipire popanda risiti. Eni malole amene mukufuna kuyamba maulendo a ku Mbeya kapena ku Chipata, pitani ku ofesi ya Road Traffic ku Mzuzu mukafunse za chilolezo chodutsira malire musanavomere katundu wa munthu. Mafunso anu tumizani kuno ku wailesi. Sabata yamawa tidzakamba za ziphaso zofunika potulutsa nsomba ndi zokolola pa chipata cha Songwe.

[Nyimbo yotsekera]